Tionge Abwerera Kusikelo

Esitele anafika pasukulu ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo, khasu atalisiya m'munda momwemo. Ana a Sitandade 2 anali mbwee panja, ena atatseka mphuno ndi malaya. M'kalasi munali mwana wake Tionge yekha, atagona chammbali pasimenti, yunifolomu itanyowa, thovu likuuma pakamwa. Panalibe amene anamukhudza.

Esitele anagwada, namupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje, namutsamiritsa mutu pamwendo.

"Tio, ndine. Ndabwera."

Mwanayo anatsegula maso pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali. "Amayi, kope langa lili kuti?"

"Lili pompa. Gona kaye."

A Phillip Mvula, mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, anaima pakhomo osalowa. Anatsokomola kaye asanayambe.

"Mayi a Tionge, tikambirane. Aka si koyamba teremu ino. Akagwa, anzake amathawira pawindo, wina sabata yatha anabinya dzanja. Makolo akundidzadzira muofesi. Akuti matenda akugwa amapatsirana, wodwalayo akaphwisa kapena malovu ake akakudonthera."

"Inu mumakhulupirira zimenezo, ahedi? Ine ndimagona naye mphasa imodzi, kudya mbale imodzi. Munandionapo nditagwa?"

"Ine sindikhulupirira. Koma makolo ndi ambiri, ine ndili ndekha. Ayambe wapuma kunyumba. Akasiya kugwa, adokotala akatsimikiza, abwere."

"Akapanda kusiya?"

Ahedi anayang'ana nsapato zawo.

Esitele anabereka mwana wakeyo nauyamba wa kunyumba. Tionge anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo miyendo yake inkalendewera mpaka kumamenya mayi ake kuseri kwa mawondo. Koma chimene chinkamulemera Esitele si mwanayo ayi. Anali mawu aja akuti ayambe wapuma. Mawu amenewa ankawadziwa bwino. Iye ali Sitandade 7 mayi ake anadwala, amalume ake anabwera nati mtsikanayu ayambe wapuma sukulu, asamale pakhomo. Mpaka lero anali akupumabe.

Enoki, mwamuna wake, anamva nkhaniyi ali m'chigafa, akusoka fodya. Sanali munthu wankhanza. Akapita kumsika wa Mkanda sankabwera chimanjamanja, ankamutengera mwanayo kaya nzimbe kaya chitumbuwa. Kungoti chikondi chake chinali chamantha.

"Ahedi anena zoona," anatero osatukula mutu. "Akhale pakhomo pano tizimuona. Njira ya kusukulu ili ndi mtsinje. Akadzagwera m'madzi mudzati chiyani?"

"Akhale pakhomo mpaka liti, bambo a Tionge? Mpaka adzabwere wina wa njinga yopanda mabuleki adzamutenge ngati mmene munanditengera ine?"

"Njinga ija inali ndi mabuleki."

"Eya, chidendene chanu."

Enoki anafuna kuseka koma anadzigwira. "Nanga titani? Mankhwala akumwa, kugwa sakusiya."

Pamenepo ananena zoona. Piritsi Tionge ankamwa madzulo aliwonse osadumphitsa. Analemba ndi dokotala wa ku Boma mwanayo ali ndi zaka zisanu, ndipo chaka choyamba zinthu zinayenda bwino lomwe. Kenako kugwa kunayambiranso, poyamba mwa apo ndi apo, tsopano pafupifupi sabata iliyonse. Pachipatala chaching'ono cha kwawoko, chichokereni woona odwala amene analipo, chipinda chake chinali chokiya, akangaude atamanga pa loko. Anatsala ndi namwino, Mayi Stelia Chisale, amene anachita kubwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro a matenda a ana. Koma Esitele akawadandaulira, iwo ankangopukusa mutu.

"Vuto ndikuliona, mayi, koma lamulo silindilola kusintha zimene analemba adokotala. Changa n'kukupatsani omwewa. Pitani naye ku Boma akamuonenso."

Ku Boma Esitele anayesa. Ulendo wina anapeza mtsinje utadzaza, anabwerera panjira. Ulendo wina tcheni cha njinga chinaduka, anakafika anthu akuweruka. Tsopano fodya anali atapsa m'munda, njinga pakhomo inali imodzi, ndipo mvula inali isanaleke.

Masiku otsatirawo Tionge ankadzuka m'mamawa monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pakhonde kumaonerera anzake akudutsa. Onse akatha ankatola kamtengo n'kumalemba zilembo pansi. Nkhuku zikafafaniza ankayambiranso. Esitele ankamuona ndi ngodya ya diso, mtima ukumuwira ngati mphika wa nyemba.

Nkhani inamupeza pamjigo. Anabwera nayo Rozi, mnzake amene ankagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala.

"Amake Tionge, simunamve? Chitseko chokiya chija cha kuchipatala chatsegulidwa."

"Abwera adokotala atsopano?"

"Ayi, alowamo anesi omwe aja. Akuti ku Nyumba ya Malamulo anagwirizana kuti anamwino amene anawonjezera sukulu aziona odwala okha, mankhwala azilemba okha. Ndinaona ndi maso angawa a Greyson a pawindo la mankhwala aja akuthira mafuta a njinga pa loko kuti atseguke."

"Usandinamize, Rozi."

"Ndikunamizeni kuti ndipeze chiyani? Zitumbuwa zanga zikumatha dzuwa lisanafike pamutu, anthu achuluka. Ine lamulo limeneli ndalikonda kuposa anesiwo."

Esitele anasenza ndowa yake isanadzaze n'komwe.

M'mawa mwake anamuveka Tionge diresi la kutchalitchi nauyamba. Anapeza lili tsiku la sikelo. Pansi pa mtengo wa mango panali azimayi ochuluka ndi makanda awo, sikelo italendewera panthambi, mlangizi wa zaumoyo akuitana mayina. Pawindo la mankhwala panali a Greyson, bambo wa jasi yoyera ndi zolembera zitatu m'thumba, amene dera lonse linkawatchula kuti adokotala. Ndipo chitseko chija chinalidi chotsegula.

Nthawi yawo itakwana, Mayi Chisale anawalozera benchi. Anali ndi yunifolomu yomwe ija, kachipewa komwe kaja, koma tsopano atakhala kuseri kwa tebulo. Anafunsa zambiri. Amagwa bwanji? Amayamba n'kuuma kapena kuphupha? Amatenga nthawi yaitali bwanji? Thupi limatentha? Piritsi anadumphitsapo? Anamuunika Tionge m'maso ndi katochi, anamuyendetsa kuchoka pakhomo kufika pawindo, anamuuza kuti agwire mphuno atatsinzina. Mwanayo anaseka. Chiyambireni matendawa panalibe amene anamufunsapo Esitele mafunso ambiri chonchi.

"Nanga sikelo anakwera liti komaliza?"

"Sikelo? Anatuluka kalekale, anesi. Atangokwanitsa zaka zisanu."

"Ndiye kuti chilembereni mankhwalawa sanayezedwenso."

"Ayi."

Mayi Chisale anaika cholembera pansi. "Tamuoneni mwanayu mmene watalikira. Mankhwala awa amayenda ndi thupi. Adokotala analemba zoona, koma analembera mwana wa nthawi imene ija. Mwana wakula, piritsi latsala pomwe paja."

Esitele anayang'ana miyendo ya Tionge, miyendo yomwe ija inkamumenya kuseri kwa mawondo.

"Mpendero wa yunifolomu ndatsitsa kawiri," anatero motsitsa mawu. "Nsapato ndinapatsa mwana wa achemwali. Koma za piritsi osaganiza."

"Siinali ntchito yanu kuganiza zimenezo."

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkakayikira. N'chifukwa chake ndinkakukakamizani za ku Boma."

"Bwanji osangondinong'oneza, ndikanawonjezera ndekha?"

"Ayi, mayi. Mankhwala awa akachuluka amapweteka. Sawonjezera mongoganiza, amayamba aona kulemera kwa mwana. Tiyeni timuyeze."

Sikelo yopondapo ya m'chipindamo inali itatha mabatire. Mayi Chisale anaigogoda, anaitembenuza, koma inangoti zii. Anasuzumira pawindo n'kuyang'ana kumtengo wa mango.

"Yatsala ndi iyo."

Atatulukira ndi Tionge pagulu la azimayi lija, mlangizi n'kumva zimene anesi akufuna, phokoso linabuka.

"Aaa, khanda ili labadwa ndi mano omwe!"

"Mayi, muyamwitseni kaye, angalire pasikelo!"

"Ameneyu akatsika apo atithandize kusenza ana!"

Tionge anabisala kumbuyo kwa mayi ake, atagwira chitenje zolimba. Mlangizi anatenga kabudula wa sikelo, uja amavekamo makanda powapachika, anamuyerekeza pamwanayo, ndipo kuseka kunawonjezeka. Ngakhale mwendo umodzi sukanalowa.

"Sindifuna," Tionge ananong'ona. "Ine si mwana wa sikelo. Tiyeni kwathu."

Esitele anagwada kuti maso awo alingane.

"Tio, tandiyang'ana. Ukufuna kubwerera kusukulu?"

Mwanayo anagwedeza mutu, misozi ili lengelenge.

"Njira yake ndi imeneyi, ikudutsa pamtengo uwu. Ina palibe. Amayiwa aseka, akatopa apita kwawo kukaphika. Iwe upita ku Sitandade 3."

Esitele anaimirira, anamasula chitenje chapamwamba, namanga nsonga zake mfundo yolimba monga amachitira poyeza mtedza. Anachikoleka pa ngowe ya sikelo, anachikoka ndi manja awiri kuti aone ngati chilimbe, kenako anatembenukira azimayi aja.

"Sekani, anzanga, mano ndi anu. Koma wina andigwirire nthambiyi, ingathyoke ndi khanda langali."

Anaseka onse, koma tsopano kunali kuseka kwina. Mayi wina wamtali anapatsira mnzake mwana nadzagwira nthambi. Wina anathandiza kumunyamula Tionge n'kumukhazika m'chitenjemo.

"Pinda miyendo, isagunde pansi!" anatero mlangizi.

Tionge anapinda mawondo mpaka pachibwano. Chitenje chinazungulira pang'ono, muvi wa sikelo unavina uku ndi uku, kenako unaima.

"Twente-wanu!" anafuula mlangizi.

Mayi wogwira nthambi uja anaimba nthungululu. Ena anayambitsa nyimbo ya kusikelo, ija yoyamikira mwana amene wakwera makilo, akuomba m'manja. Tionge anatsika ali ndi manyazi, koma pakamwa pakumwetulira.

M'chipinda muja Mayi Chisale anawerengetsa mofatsa, anabwerezanso, kenako analemba m'buku la kuchipatala la mwanayo. Atafika pofunika kusaina anaima pang'ono, cholembera chili m'malere.

"Chavuta n'chiyani, anesi?"

"Palibe. Kungoti zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pansi pa dzina la munthu wina." Anasaina dzina lawo lonse, mosathamanga. "Tiwonjezera pang'onopang'ono. Mubwere naye pakatha masabata awiri. Akayamba kugona kwambiri, kudzandira kapena kutuluka zidzolo, musadikire tsikulo. Pamoto asakhale yekha, kumtsinje asapite yekha. Zikakanika ndikutumizani ku Boma ndi galimoto ya chipatala. Koma sindikuganiza kuti zikanika."

Esitele anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Koma Enoki atamva, anasiya fodya ali m'manja.

"Mwati walemba ndani?"

"Mayi Chisale."

"Nesi? Nesi wasintha zimene analemba dokotala wa ku Boma? Mayi a Tionge, mukufuna kundiphera mwana? Nesi ntchito yake ndi azimayi apakati ndi jakisoni. Kenako n'kukamupachika mwana wamkulu pamtengo ngati thumba la mtedza, mudzi wonse ukuona!"

Analanda kapepala ka mapiritsi n'kukaika m'thumba la malaya ake.

Esitele anafuna kukalipa, koma anameza. Mwamuna wakeyu ankamudziwa: ukamukankha amauma ngati chitsa. Anakhala pansi pakhomo la chigafa n'kuyamba kumupatsira masamba.

"Bambo a Tionge, chaka chino munawonjezera mizere kumunda kwa chimanga kuja, si choncho?"

"Zikugwirizana bwanji?"

"Ndikungofunsa. Feteleza munathira wofanana ndi wa chaka chatha?"

"Ndingathire bwanji wofanana munda utakula? Chimanga chake chingakhale chotani?"

Esitele anamupatsira tsamba lina, akumuyang'ana.

Enoki anazindikira kumene waponda. "Mwana si munda."

"Eetu, ndi woposa munda. Ndiye bwanji munda mumauwerengera, mwana ayi?"

Enoki anasoka masamba angapo. Kenako anati, "Mawa ndipita ndekha ndikafunse adokotala eniake, a pawindo aja. Akavomera iwo, amwa. Akakana, nkhani yathera pomwepo."

Apa Esitele anawerama msanga ngati akutola tsamba, kuti mwamuna wake asaone nkhope yake. Rozi, amene ankakhala pageti tsiku lonse, anali atamuuza kalekale za a Greyson.

"Chabwino," anatero. "Tipitira limodzi."

Tsiku lotsatira Enoki anavala malaya a kutchalitchi, anapukuta njinga, nakweza mkazi wake pakaliyala. Atafika pawindo anavula chipewa, anagwira chigongono ndi dzanja lamanzere popereka buku.

"Mwadzuka bwanji, adokotala? Pepani ndakuvutitsani. Ndimati mutiunikireko apa. Anesi asintha mankhwala a mwana wathu, ndiye ndati ayi, ndikamve kwa eniake."

A Greyson anayang'ana bukulo, anayang'ana Enoki, anayang'ana mzere wa anthu umene unali kumbuyo. Anakanda m'mutu.

"Bambo, mapiritsiwa ndinapereka ndine dzulo."

"Eya, koma munavomereza?"

"Ine sindivomereza kanthu, bambo. Ine ndimawerenga zimene alemba mayiwo, n'kuwerengera mapiritsi m'kapepala. Akalemba awiri ndimaika awiri. Pansi pauma ndimakolopa."

"Mumakolopa?"

"Ndi kutchetcha komwe, udzu ukakula."

"Nanga jasiyi?"

"Anatipatsa kuti malaya asamade."

Wina pamzere anaphulika kuseka. Enoki anaima chipewa chili m'manja, pakamwa pali yasa.

"A Greyson! Chaka chatha ndinakubweretserani tambala, mutandipatsa mankhwala a msana. Zaka zonsezi tikukutchulani adokotala, bwanji simunakane?"

"Inu akanakutchulani mukanakana? Komansotu msanawo unapola."

Mzere wonse unagwa nako kuseka. Rozi kugeti anachita kukhala pansi, beseni la zitumbuwa lili pambali. Esitele yekha sanaseke. Anamugwira mwamuna wake pamkono n'kumutembenuzira kuchitseko chotsegula chija.

Mayi Chisale anali atamva zonse, koma sanaonetse. Anaimirira, anamupatsa Enoki moni wa manja awiri namulozera mpando.

"Bambo a Tionge, mwachita bwino kubwera. Bambo amene amafunsa za mankhwala a mwana wake ndi amene ndimamufuna. Mukundikumbuka? Tsiku limene anabadwa Tionge munali pabenchi ilo panja, mukutafuna chipewa chomwechi."

Enoki anayang'ana pansi. "Ndinu munamulandira."

"Ndine. Ndipo woyamba kumuyeza pasikelo ndinali ine. Sindingamupweteke."

Anamufotokozera zonse monga anachitira ndi mkazi wake, osafupikitsa. Anamuuzanso kuti lamulo silinapatse mphamvu namwino aliyense ayi, koma okhawo amene anaphunzira ntchitoyo n'kukhoza mayeso ake, ndipo kuti zimene sangazithe azitumizabe ku Boma. Enoki anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kapepala kaja napatsa mkazi wake osamuyang'ana.

Pobwerera, atatsala pang'ono kufika kunyumba, Enoki anangoti, "Tambala wanga uja."

Sabata yoyamba Tionge anagwa kamodzi, pang'ono, ali pakhonde. Enoki anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana kumbali. Anabwerera kuchipatala pa tsiku lake, Mayi Chisale anawonjezera kachiwiri monga ananenera. Kuchokera pamenepo kunali bata. Mvula inaleka, fodya anapita kumsika, chimanga chinauma m'munda, anthu anayamba kukumba mtedza. Tionge ankathamangitsa mbuzi, ankasewera fulaye ndi anzake akaweruka, osagwa.

Teremu yachitatu itayandikira, Esitele anakagogoda kuofesi ya ahedi.

"Ndamva kuti akupeza bwino," anatero a Mvula. "Koma makolo ndinawalonjeza kuti adokotala atsimikize. Loweruka kuli msonkhano wa makolo. Mukabweretsa mawu a adokotala, ine ndilibe chifukwa."

"Mawu okha? Ndibweretsa mwiniwake."

Loweruka makolo anadzaza pabwalo la sukulu, abambo pamabenchi, amayi pansi. Njinga yamoto italira kumsewu onse anatembenuka. Anatsika Mayi Chisale, yunifolomu ili mbee, kachipewa kali pamutu. Panamveka manong'onong'o. A Pius, bambo wa mwana uja anabinya dzanja, anaimirira.

"Ahedi, tinagwirizana za dokotala. Apa atibweretsera nesi. Ana athu si oseweretsa."

Esitele anali atayamba kudzuka, mawu ali kale pamilomo, koma wina anamuyambirira. Anali Enoki.

"A Pius, khalani pansi ndikuuzeni, musadzachite manyazi amene ndinachita ine. Mawu amenewo ndinalankhulapo, ndipo ndinawalankhula mokweza kuposa inu. Ndinapita kukavulira chipewa a Greyson." Anthu anaseka, chifukwa nkhani ya tambala inali itafika mudzi uliwonse. "Sekani. Koma mwana wanga ankagwa sabata iliyonse. Mayi awa anamupachika pamtengo, anamulembera mankhwala ndi dzanja lawo, ndipo kuyambira nthawi ya zitheba mpaka lero sanagwe. Amene akufuna wa jasi yoyera apite pawindo, akamupeza akukolopa."

Mayi Chisale anadikira kuti phokoso lithe. Sanalankhule zambiri. Anati matenda akugwa ndi a muubongo, sachokera kwa munthu kupita kwa mnzake, kaya ndi mpweya kaya ndi malovu. Anati mwana akagwa musathawe, muchotseni pafupi ndi zimene zingamupweteke, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, koma Esitele ankaona kuti mawuwo akungowadutsa pamwamba ngati madzi pa tsamba la koko.

Nawonso Mayi Chisale anaona. Anapempha kapu ya madzi. Itabwera anaitana Tionge.

"Imwa, mwanawe. Usamalize."

Tionge anamwa, anapukuta pakamwa ndi dzanja. Mayi Chisale analandira kapuyo, anaitembenuza kuti pomwe panali milomo ya mwanayo pakhale kwa iwo, namwa anthu onse akuona. Mayi wina anafuula kuti mayo. Kenako anaikweza m'mwamba.

"Atsalamo. Alipo waludzu?"

Panalibe amene anadzuka. Esitele anayang'anitsitsa ahedi, osaphethira. A Mvula anayang'ana nsapato zawo monga tsiku lija. Kenako anakankha mpando, anayenda mpaka pakati pa bwalo, analandira kapu namwa onse, mpaka kuipendeketsa kuti anthu aone kuti yauma.

Nthungululu inayambira kumbuyo, kwa mayi wamtali uja anagwira nthambi. Amayi anadzuka ndi fumbi lomwe. A Pius anadikira kuti zithe, kenako anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani, adokotala. Sitinkadziwa."

"Ndine namwino, bambo," anayankha Mayi Chisale akumwetulira. "Dzina limenelo ndinalivutikira. Musandilande lero."

Lolemba m'mamawa Esitele anamuveka Tionge yunifolomu. Mpendero unali utatheratu, moti anachita kulumikiza kansalu kena m'munsi, kosiyana mtundu pang'ono. Enoki anatulutsa njinga kuti awaperekeze mpaka kuwoloka mtsinje.

"Anesi anati aziyezedwa teremu iliyonse," anatero akupopa tayala. "Mavenda a mtedza abwera ndi masikelo awo pamsewu. Tizingomukweza pomwepo, pafupi."

"Ya mavenda imaba makilo. Mwana wanga azikayezedwa pamtengo wa mango."

"Azimayi aja azikamusekanso."

"Azikandiimbira," anatero Tionge ali pakaliyala.

Pasukulu belu linali litalira kale. A Mvula anali pakhomo la Sitandade 2, ndipo ulendo uno analowa mkati n'kumulozera mwanayo malo kutsogolo. Tionge sanacheuke n'komwe. Anakhala pansi, anatsegula kope lake pomwe analekezera.

"Mwatibwezera mwana, mayi," anatero ahedi potuluka.

"Wapuma mokwanira," anayankha Esitele.

Anaima pawindo kanthawi, mpaka anamva mawu a mwana wake akuwerenga limodzi ndi anzake. Kenako anamanga chitenje chake bwinobwino nauyamba wa kumunda, chifukwa mtedza unali ukumudikira.